Maulendo atatu ku vetenale ndi galu wokhwekhwereza matako

Tsabola ndi galu wamkazi wamng'ono, waubweya wambiri woyera, wosakanizika ndi mtundu wa Maltese, ndipo takhala naye zaka 6 kunyumba kwathu ku Area 25 mu Lilongwe. Chakumayambiriro kwa September anayamba khalidwe limene poyamba linkatiseketsa tonse pakhomo. Ankakhala pansi, n'kutukula miyendo yakumbuyo, kenaka n'kumadzikoka ndi yakutsogolo uku akukhwekhwereza matako pa simenti ya pakhonde, ndipo ana ankati galuyo akuphunzira kuyendetsa galimoto. Kuseka kunatha patapita milungu isanu ndi umodzi, tsiku limene ndinafika naye pa chipatala china cha ziweto cha mumzinda muno magazi ndi mafinya zikutuluka pansi pa mchira. Ndinapita naye kumeneko katatu pakati pa October ndi November, ndipo zimene ndinaona pa maulendo atatuwo n'zokwanira kuti ndinene pamene chipatalachi chimagwira bwino ntchito ndi pamene chimafooka.

Nthawi yambiri ndinaitaya ndekha ndisanaganize n'komwe zopita ku vetenale. Aliyense amene ndinkamufotokozera za kukhwekhwerezako ankayankha nthawi yomweyo kuti ndi njoka za m'mimba, ndipo ine ndinakhulupirira. Ndinapita kawiri kusitolo yogulitsa mbewu ndi mankhwala a ziweto, ndipo maulendo onse awiri wogulitsa anangondifunsa kukula kwa galu n'kundipatsa mapiritsi. Maganizo a njokawa sikuti alibe maziko, chifukwa ilipo njoka ina yophwatalala imene galu amaitenga akameza utitiri podziluma, ndipo tizidutswa take, tooneka ngati njere za mpunga, timayabwa tikamatuluka kumatako. Koma tizidutswa totere sindinationepo pa chimbudzi cha Tsabola kapena pa chiguduli chimene amagonapo, ndipo palibe amene anandifunsa ngati ndinationapo.

Woyamba kuloza malo enieni a vutoli anali mnyamata wina amene amayenda m'makomo kusambitsa agalu ndi kuwathira mankhwala a nkhupakupa. Iye anatukula mchira, n'kufinya mbali zonse ziwiri za kotulukira chimbudzi ndi zala, panatuluka timadzi tochepa tonunkha koopsa, galu analira, ndipo kwa masiku awiri zinaoneka ngati zatheka. Tsiku lachitatu Tsabola anayamba kudzinyambita kosalekeza, kudziluma patsinde pa mchira, kukhala pansi mopendekera mbali imodzi, ndi kulira pochita chimbudzi. M'mawa wa Loweruka lina ndinapeza madontho a magazi pakhonde, ndipo ndinaganiza kuti walumidwa ndi galu mnzake kapena wadzibaya pa waya wa mpanda. Galu wotuluka magazi sungakwere naye minibasi, choncho ndinabwereka galimoto kwa aneba.

Chinthu choyamba chimene chinandikhumudwitsa pa chipatalapo ndi kalandiridwe. Ndinali nditaimba foni ndisananyamuke ndipo anandiuza kuti ndifike 9 koloko, koma ndinalowa kwa dokotala itadutsa 11. Malo odikirira ndi mabenchi awiri pakhonde, pamene agalu akuluakulu olondera nyumba ndi tiagalu ta m'manja amakhala pamodzi, aliyense atagwira chingwe chake mwamphamvu, dzuwa la October likuswa mtengo. Kudikira pakokha sindikukudandaula kwambiri, popeza Loweruka ndi tsiku limene anthu apantchito amapeza mpata ndipo madokotala a ziweto m'dziko muno ndi ochepa. Chimene sindinachimvetse n'chakuti palibe wantchito ngakhale mmodzi amene anatuluka kudzaona kuti pa ziweto zimene zili pamzere, yofunika kuonedwa msanga ndi iti. Agalu athanzi amene anabwera kudzangobaya katemera wa chiwewe analowa patsogolo pa wanga chifukwa choti anafika msanga, pamene Tsabola ankanjenjemera pamiyendo panga magazi akudontha pa thaulo.

Titalowa m'chipinda, zinthu zinasintha. Adokotala anali mayi wachichepere koma wodekha, ndipo asanamugwire galu anayamba ndi mafunso. Anafunsa kuti kukhwekhwereza kunayamba liti, ngati chimbudzi chake chimakhala cholimba kapena chofewa, zimene amadya tsiku lililonse, ngati amakanda makutu kapena kunyambita mapazi kawirikawiri, ndiponso ngati wayamba kumwa madzi ambiri kuposa kale. Funso la chimbudzi linandichititsa manyazi chifukwa sindinkadziwa yankho, mpaka ndinachita kuimbira foni bambo amene amatithandiza kusesa panja, amene anayankha mosakayika kuti chakhala chili chaphalaphala kuyambira kalekale. Kenaka adokotala anamuika pa sikelo, n'kumuyeza kutentha kwa thupi, ndipo atatukula mchira anati, "Bambo, tabwerani muone nokha." Chakumanzere, m'munsi pang'ono mwa kotulukira chimbudzi, panali kabowo kofiira kozunguliridwa ndi khungu lotupa, ndipo apo ndi pamene pankachokera magazi aja.

Kufotokoza kwawo ndi kumene ndikukuona kuti kunali kwa mtengo wapatali pa zonse zimene ndinalipira tsikulo. Anatenga pepala n'kujambulapo wotchi, nandiuza kuti galu aliyense, wamwamuna kapena wamkazi, ali ndi timatumba tiwiri tating'ono tobisika pansi pa khungu mbali ziwiri za kotulukira chimbudzi, pafupifupi pamene pamakhala 4 ndi 8 pa wotchiyo. Timatumbati tili pakati pa minofu imene imatseka njira ya chimbudzi, ndipo kalikonse kali ndi kanjira kopyapyala kotulukira m'mphepete mwenimweni mwa khomolo. M'kati mwake mumapangika timadzi tamafutamafuta tonunkha kwambiri, timene ndi chizindikiro cha galu aliyense payekha, n'chifukwa chake agalu akakumana amathamangira kununkhizana kumbuyo. Chimbudzi cholimba bwino chikamadutsa chimapanikiza timatumbato, timadzi tochepa n'kutuluka nacho limodzi. Galu akachita mantha kwambiri amathanso kutulutsa timadzito mwadzidzidzi, ndipo apa ndinakumbukira fungo lachilendo limene limadzaza m'nyumba mwathu pa Khrisimasi ana a m'dera akayamba kuphulitsa makombola, Tsabola atabisala pansi pa bedi.

Vuto limayamba timadzi tija tikapanda kutuluka. Chimbudzi chikakhala chofewa kwa nthawi yaitali, kapena galu akanenepa kwambiri, kapena khungu lake likamatupa chifukwa cha zakudya kapena zinthu zina zimene thupi lake siligwirizana nazo, timadzito timakhalitsa n'kuuma, kanjira kaja n'kutsekeka. Poyamba kathumba kamangodzaza ndi kuyabwa, ndipo iyi ndi nthawi imene galu amakhwekhwereza matako. Tizilombo tikalowamo kamatupa ndi kupweteka, ndipo pamapeto pake kamasanduka chithupsa chimene chimaphulikira pakhungu. Adokotala anati agalu ang'onoang'ono ndi amene amavutika nazo kawirikawiri kuposa akuluakulu. Anandiuzanso, mosanyoza munthu, kuti kufinya kwa kunja kumene anachita mnyamata uja nthawi zambiri sikutulutsa zonse, makamaka pa galu wonenepa amene timadzi take tauma kale, ndipo kukachitika mwamphamvu pa kathumba kotupa kumangowonjezera ululu ndi kutupa. Masiteji onse atatuwa Tsabola anadutsamo ine ndikuona, ndili kalikiliki kugula mankhwala a njoka.

Pa chithandizo chenichenicho ndilibe chodandaula. Anakana kugwira pachilondapo galu ali maso, ponena kuti ululu wake ndi waukulu moti angalume munthu ndiponso angadzaope chipatala moyo wake wonse, choncho anamubaya jakisoni womugonetsa. Anameta ubweya wonse wozungulira malowo, n'kutsuka m'kati mwa chithupsa ndi madzi a mankhwala kudzera m'kapaipi kopyapyala mpaka madzi obwerera anayamba kutuluka oyera. Chilondacho sanachisoke, anachisiya chotsegula kuti mafinya otsala azituluka. Kathumba kakumanja anakafinya mwa njira ya m'kati, chala chovala golovesi ndi chopakidwa mafuta chili m'njira ya chimbudzi, chala chachikulu chili kunja, n'kumakama pang'onopang'ono. Zimene zinatuluka anandionetsa pa thonje. Zinali zolimba ngati chiponde chokhalitsa, zotuwa mosakanikirana ndi zofiirira, pamene za galu wabwinobwino zimakhala zamadzimadzi, ndipo fungo lake, longa la usipa wowola, linanditsatira m'galimoto ya aneba mpaka kunyumba. Zikanachedwa sabata ina, mbali imeneyonso ikanatha kuphulika.

Mtengo sananditchulire mpaka galu atadzuka. Ichi ndi cholakwa chachiwiri, ndipo kwa anthu ambiri n'chachikulu kuposa cha pamzere chija. Ndalama zimene anandiuza zinaposa zimene timawononga podyetsa Tsabola miyezi itatu, moti ndinachita kupempha akunyumba kuti anditumizire zina pa foni, ndipo lisiti linali ndi mzere umodzi wokha wosasonyeza kuti jakisoni wogonetsa ndi zingati, kutsuka chilonda zingati, mankhwala zingati. Ndikaganizira ntchito imene inagwiridwa ndi mankhwala amene ambiri amachokera kunja, sindinganene kuti anandibera. Koma munthu ayenera kuuzidwa mtengo galu wake asanagonekedwe, kuti ngati thumba silikukwana akambirane ndi dokotala zimene zingayambe ndi zimene zingadikire.

Anatipatsa mapiritsi a amoxicillin wosakaniza ndi clavulanic acid ophera tizilombo, ndi mankhwala amadzi a meloxicam ochepetsa ululu ndi kutupa, oti azimwa kamodzi pa tsiku atadya. Anatilangiza kuti tizithowa pachilondapo ndi kansalu koviika m'madzi ofunda kawiri kapena katatu pa tsiku kwa mphindi zingapo, ndipo anatichenjeza mwamphamvu kuti tisayerekeze kumupatsa Brufen wa anthu, chifukwa mankhwala amenewa amatha kuwononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo ngakhale Panado sayenera kuperekedwa popanda dokotala kunena mlingo wake. Malangizo onsewa anali apakamwa. Pa timaenvulopu ta mankhwala panangolembedwa 1×2 ndi 1×1, ndipo pofika madzulo ine ndi akazi anga tinali tikutsutsana kale ngati anati kuthowa kuyambe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Kapepala kamodzi kolembedwa kakanathetsa mkanganowo. Kolala ya pulasitiki yonga fanulo, yoletsa galu kunyambita chilonda, analibe ya msinkhu wa Tsabola, koma wothandizira adokotala anatiuza nzeru yodula pansi pa kandowa kakang'ono ka pulasitiki, kukulunga m'mphepete modulamo ndi nsalu, n'kukamangirira pa lamba wa m'khosi. Kanagwira ntchito masiku onse khumi, ngakhale kuti galuyo ankagunda nako zitseko ndi miyendo ya anthu.

Nkhani ya zakudya adokotala anakhalitsapo, ndipo m'pamene ndinaona kuti akufunadi kuti ndisamabwerebwere. Tsabola ankadya mkute wa nsima ya ufa woyera wothira msuzi wotsala wa ndiwo, wodzaza mafuta, kuphatikizapo zidutswa za mandasi ndi buledi zimene ana ankamuponyera mobisa. Sikelo inasonyeza makilogalamu 9, pamene malinga ndi msinkhu wake anati ayenera kukhala cha m'ma 7. Sanandiuze kuti ndisiye nsima n'kuyamba kugula chakudya cha m'matumba. Anati ndichepetse mlingo, ndisiye msuzi wa mafuta uja, umene umakhalanso ndi anyezi amene amawononga magazi a galu akamadyedwa kawirikawiri, ndipo m'malo mwa ufa woyera ndizimuphikira mgaiwa wosakaniza ndi usipa kapena dzira. Anawonjezera kuti supuni imodzi ya maungu ophika opanda mchere kapena shuga, kapena madeya pang'ono, zimathandiza kuti chimbudzi chikhale chachikulu ndi chogwirana, choti chizitha kupanikiza timatumba tija podutsa. Pa madeya anachenjeza kuti akhale ouma bwino ndi opanda chuku, chifukwa chuku cha chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, yemwe uja anapha agalu ambiri ku Zambia mu 2024. Ananenanso poyera kuti kusintha zakudya sikuchiza galu aliyense, popeza ena vutoli limawabwerera ngakhale adye bwino chotani, makamaka amene gwero lake ndi matenda a khungu, ndipo n'chifukwa chake anafunsa za makutu ndi mapazi.

N'zomvetsa chisoni kuti uphungu wabwinowu unatsala pang'ono kufafanizidwa pa kauntala yolipirira. Mayi wa pamenepo anandikankhira thumba la chakudya cha agalu chochokera kunja ndi kabotolo ka ufa wothira m'zakudya, nati galu wa vuto limeneli sangachire popanda zimenezi. Adokotala sananene choncho, ndipo sindinagule.

Ulendo wachiwiri, patapita masiku khumi, unali Lachiwiri m'mawa ndipo sindinadikire ngakhale mphindi 20. Koma ndinapeza dokotala wina, wachibambo, ndipo fayilo ya Tsabola sinapezeke. Ndinayamba kufotokoza nkhani yonse kuchokera pachiyambi, ndipo mwayi wake ndinali nditatenga timaenvulopu ta mankhwala tija, apo ayi sakanadziwa zimene galu anamwa. Ntchito anaigwira bwino. Chilonda chinali chitatsekeka, anapima timatumba tonse tiwiri mwa njira ya m'kati galu ali maso wothandizira atamugwira mutu, n'kupeza kuti kakumanzere kayambanso kusonkhanitsa timadzi tolimba pang'ono, ndipo atakakama anathiramo mafuta a mankhwala kudzera pa kanjira kake. Zonse zinatenga mphindi zosakwana khumi, ndipo ndalama yoonana ndi dokotala sanandilipiritsenso, ndinangolipira mankhwalawo. Komabe pa matenda obwererabwerera ngati awa, pamene dokotala ayenera kudziwa kuti kathumba kanadzaza liti ndipo munali zotani, kutaya fayilo si nkhani yaing'ono.

Ulendo wachitatu, kumapeto kwa November, ndinakumananso ndi adokotala oyamba aja, ndipo fayilo inali itapezeka. Sikelo inasonyeza makilogalamu 8.3. Atatha kukama timatumba, timene ulendo uno tinali ndi timadzi tochepa tamadzimadzi, anapitiriza kufufuza ndi chala kwa kanthawi ali chete. Kenaka anandiuza kuti amafuna kumva ngati muli kachotupa kolimba, chifukwa ilipo khansa imene imamera m'timatumbati, makamaka mwa agalu okalamba, ndipo imabisala mosavuta kathumba kakakhala kodzaza. Khansa imeneyi imatha kuchulukitsa kashiamu m'magazi, galu n'kumamwa madzi ambiri ndi kukodza pafupipafupi, ndipo apa ndinamvetsa chifukwa chake anandifunsa za madzi tsiku loyamba lija. Mwa Tsabola sanapezemo kanthu. Kupima kotere mnyamata wosambitsa agalu sangakuchite, ngakhale akhale waluso chotani pa kufinya.

Nditatopa ndi nkhani yonseyi, ndinafunsa ngati sangangochotsa timatumbato pa opaleshoni kuti tithane nazo. Anati opaleshoniyo ilipo ndipo galu amakhala bwinobwino popanda timatumbato, koma popeza tili pakati pa minofu yotseka njira ya chimbudzi ndiponso pafupi ndi mitsempha yoyendetsa minofuyo, pali chiopsezo choti galu azilephera kugwira chimbudzi kwa kanthawi, ndipo mwa apo ndi apo mpaka kalekale. Anati amaisungira agalu amene chithupsa chimawabwerera mobwerezabwereza ngakhale njira zina zayesedwa, kapena amene apezeka ndi khansa, ndipo galu amene waphulika chithupsa kamodzi sanafike pamenepo. Ndinafunsanso ngati ndizibwera naye mwezi uliwonse kuti azimukama, ndipo anakananso, ponena kuti timatumba timene tikudzitulutsa tokha sitiyenera kuvutitsidwa, chifukwa kukama pafupipafupi popanda chifukwa kumatha kutupitsa kanjira kaja. Anati ndibwere ndikaona akukhwekhwerezanso kwa masiku awiri kapena atatu otsatizana, akudzinyambita mopitirira, kapena fungo lija likayamba kutsalira pamene wakhala. M'mphindi zisanu anakana ndalama zanga kawiri, pa chipatala chomwecho chimene pa kauntala pake ankafuna kundigulitsa thumba la chakudya chimene sindinkachifuna.

Ndinawapempha kuti andiphunzitse kukama ndekha, ndipo anandionetsa pogwira ndi mmene chala chimayendera kuchokera m'munsi kukwera cha ku kanjira, koma anati ndikapeza pali polimba, potentha kapena galu akulira, ndisiye pomwepo ndibwere naye. Nditaona nkhope ya Tsabola ndi kukumbukira fungo la pa thonje lija, ndinaganiza kuti ntchito imeneyi ndiwasiyire eni ake.

Kwa amene ali ndi galu wamng'ono wokhwekhwereza matako, madokotala a pa chipatalachi ndingawavomereze ndi mtima wonse, pamene za pa kauntala ndi kasungidwe ka mafayilo n'zofunika kuchenjera nazo. Ndi bwino kupita pakati pa sabata m'mawa, kunena pofika pomwe ngati galu akutuluka magazi m'malo mongokhala pa benchi monga ndinachitira ine, kufunsa mtengo jakisoni asanabayidwe, ndi kulemba nokha m'kabuku dzina la mankhwala ndi tsiku limene galu wakamidwa. Galu akapita msanga, timatumba tikadali pongodzaza, ntchito yake ndi ya mphindi zochepa yosafuna kumugoneka, ndipo mtengo wake ndi kachigawo chabe ka zimene ine ndinalipira.

Masiku ano m'mawa uliwonse ndimazungulira kuseri kwa nyumba kukaona chimbudzi cha Tsabola bambo aja asanasese, ndipo iwo amandiyang'ana modabwa. Sabata yatha ndinamuona atakhalanso pansi pakhonde, miyendo yakumbuyo m'mwamba, ndipo mtima unagunda. Nditatukula mchira ndinapeza khungu lili bwinobwino, lopanda kutupa kapena fungo, koma mu ubweya umene wameranso pamene anameta paja munali mutakodwa njere za chisoso zokwana dzanja, ndipo ndinazichotsa ndi sizasi.